Kachisi wakale wa kumudzi ndi mboni yathu, tisamugwetse mwachisawawa

Mvula ikatha, thonje, chitowe ndi mapira zikagulitsidwa, mipingo yambiri ya m'chigwa cha Shire imayamba kuumba njerwa. Kwa Malemia, kwa Tengani, kwa Mbenje ngakhale kwa Ngabu, simungayende mtunda wautali osaona uvuni ukufuka pafupi ndi nyumba ya mapemphero. Ichi n'chinthu chokondweretsa, pakuti chikusonyeza kuti nkhosa zachuluka ndipo khola lachepa. Komabe pali chizolowezi china chimene chalowa pakati pathu chimene tiyenera kuchiunikanso. Komiti ya zomangamanga ikangogwirizana zomanga tchalitchi chatsopano, ntchito yoyamba imakhala kugwetsa chakale. Njerwa zake amazithira m'maziko, zitseko amagawana, gome limene agogo athu analandirirapo Mgonero wa Ambuye limakathera kukhitchini, ndipo pakapita zaka zisanu palibenso mwana amene angaloze pamene panali guwa.

Abale ndi alongo, maganizo anga ndi akuti tikulakwa. Nyumba yakale ya mapemphero, kaya ndi ya njerwa zootcha kaya ya zidina, ndi mboni ya zimene Mulungu anachita pamalopo, ndiponso ili ndi nzeru za kamangidwe zimene ife a masiku ano tikuzitaya pamene tikuzifuna koposa. Mpingo umene wakula uyenera kumanga, inde, koma usayambe ndi nyundo yogumulira usanakhale pansi ndi kufunsa kuti nyumbayo ikunena chiyani.

Werengani Yoswa mutu 4. Aisraele atawoloka Yordano, Mulungu analamula kuti amuna khumi ndi awiri atole miyala pakati pa mtsinje, mwala umodzi pa fuko lililonse, ndipo Yoswa anaiimika ku Giligala. Miyalayo inalibe mphamvu iliyonse, ndipo sanalamulidwe kuti aziipembedza. Ntchito yake inali imodzi yokha: kudzutsa funso m'kamwa mwa mwana, kuti kholo lipeze poyambira kufotokoza za chipulumutso. Mulungu amadziwa kuti munthu ndi woiwala, ndipo kuti mbiri imene ilibe poikhomera imauluka ngati mankhusu.

Tchalitchi cha kumudzi cha ku Ulaya

Kuti timvetse bwino nkhaniyi, tiyeni tiyambe taona kumene kunachokera amishoni ambiri amene anafika kuno. M'midzi ya ku England muli matchalitchi masauzande ambiri amene anamangidwa pakati pa zaka za m'ma 1100 ndi 1500, ndipo ambiri akupemphereredwamo mpaka lero. Munthu akalowamo amaganiza kuti nyumba yonse inamangidwa nthawi imodzi, koma sizili choncho. Khomo likhoza kukhala la m'ma 1100, lozungulira pamwamba, m'khoma lochindikala lokhala ndi timazenera tating'ono. Mazenera ena, osongoka pamwamba, ndi a m'ma 1200 kapena 1300, pamene amisiri anali ataphunzira kunyamula denga ndi zipilala kotero kuti khoma likanatha kubooledwa mokulirapo kuti kuwala kulowe. Nsanja ya mabelu kawirikawiri inadza pambuyo pa zonsezi. Mudzi ukakula, ankaboola khoma la m'mbali, kuimika mizati ya miyala ndi kuonjezera chipinda china chachitali. M'badwo uliwonse unasiyapo dzanja lake popanda kufafaniza dzanja la m'badwo wapitawo. Pamudzi wa Greensted, m'chigawo cha Essex, pali tchalitchi chimene makoma ake ndi zipika za mitengo zong'ambidwa pakati, zimene zinadulidwa zaka zoposa 900 zapitazo. Anthu anamanga mbali zina ndi njerwa pambuyo pake, koma zipikazo anazisiya.

Kamangidwe kake kanali ulaliki kwa anthu osadziwa kuwerenga. Nyumba inkayang'ana kum'mawa, kotulukira dzuwa, pokumbutsa za kuuka kwa akufa. Beseni lamwala la ubatizo linkaikidwa pafupi ndi khomo, posonyeza kuti munthu amalowa mu mpingo kudzera mu ubatizo. Gome la Ambuye linali kumapeto kwenikweni, ndipo manda anazungulira nyumba yonse, kotero kuti wopita kukapemphera ankadutsa pakati pa makolo ake. Panalinso lamulo la chisamaliro: mbali ya kuguwa inali udindo wa mbusa kuikonza, pamene mbali yokhalamo anthu inali udindo wa eni mudzi. Aliyense ankadziwa denga limene likadontha adzafunsidwa ndiye.

Pa nthawi ya Kukonzanso kwa Mpingo, m'zaka za m'ma 1500, makolo athu a Chiprotestanti anasintha zambiri m'kati mwa nyumbazi. Anapaka laimu pa zithunzi za m'makoma, anachotsa mafano, ndipo pang'onopang'ono gome lolalikirapo ndi mipando ya omvera zinakhala zofunika kwambiri chifukwa Mawu ndiwo anaikidwa patsogolo. Zina mwa zimene anawononga zinali ntchito zokongola zimene sizidzabweranso. Koma nyumba zenizenizo sanazigwetse. Ndiponso mu 1538 kunatuluka lamulo lakuti tchalitchi chilichonse chizilemba m'buku maubatizo, maukwati ndi maliro. Chifukwa cha lamulo limeneli, Mngelezi wa lero akhoza kutsata mzere wa makolo ake zaka mazana anayi m'mbuyo. Nanga ife, ndi angati amene tingapeze tsiku limene agogo athu anabatizidwa?

Tisaganize kuti kumeneko zonse zili bwino. Pamalo otchedwa Wharram Percy, ku Yorkshire, mudzi unatha cha m'ma 1500 pamene eni malo anachotsa alimi kuti aziwetapo nkhosa. Tchalitchi chinatsala chokha m'chigwa, anthu a midzi yoyandikana anapempheramo kwa zaka zambiri, koma potsiriza chinasiyidwa ndipo nsanja yake inagwa mu 1959. Lero bungwe la Churches Conservation Trust likusamalira matchalitchi akale oposa 350 amene salinso ndi mpingo wosonkhanamo sabata ndi sabata. Iwo ali ndi makoma koma anthu achepa. Ife tili ndi anthu koma makoma athu sitiwasunga. Onse awiri ndi matenda.

Belu losweka la ku Zumbo

Kuno kwathu Uthenga unagogoda kale kwambiri kuposa mmene ambiri timaganizira. Pachilumba cha Mozambique pali kachisi wamng'ono wa Nossa Senhora de Baluarte, amene Apwitikizi anamanga mu 1522, ndipo akalipo. Mu 1560 wansembe Gonçalo da Silveira anakwera mtsinje wa Zambezi kudzera ku Sena ndi ku Tete, ndipo anaphedwa kulikulu la Mwenemutapa mu 1561. Sena si kutali ndi Nsanje. Abale athu ambiri a m'boma lino mizu yawo ili kumeneko. Kwa zaka mazana awiri ndi mphambu, m'mbali mwa Zambezi munali matchalitchi a miyala. Koma David Livingstone atafika ku Zumbo, pamene Luangwa amathira mu Zambezi, mu Januwale 1856, anapeza bwinja la tchalitchi ndi belu losweka lili pansi. Mpingo panalibe.

Belu limenelo likutichenjeza. Chikhristu cha m'nthawi imeneyo chinakangamira kwambiri pa eni minda ikuluikulu ndi amalonda, ena mwa iwo ogulitsa akapolo, ndipo Malemba sanafike m'manja mwa anthu wamba m'chinenero chawo. Miyala inalipo, koma kholo loti liyankhe funso la mwana panalibe. Choncho pamene ndikunena kuti tisunge nyumba zakale, sindikunena kuti khoma lingasunge chikhulupiriro palokha.

Mboni zoyamba za Uthenga m'chigwa cha Shire ndi manda. Bishopu Charles Mackenzie, amene anatsegula mishoni ya Magomero mu 1861, anamwalira ndi malungo pa 31 Januwale 1862 pamene Ruo amakumana ndi Shire, ndipo anaikidwa pafupi ndi Chiromo. Anzake anasamukira kwa Chibisa, ku Chikwawa, kumene Henry Scudamore ndi dokotala John Dickinson anamwalira mu 1863 pakati pa njala ndi nkhondo za akapolo. Anthu awa sanasiye nyumba ya njerwa. Zimene anamanga zinali za mitengo ndi udzu, monga mmene ankamangira Amang'anja amene anawalandira.

Ndipo pano tiyenera kuvomereza kuti ngakhale liwu lakuti kachisi sitinalitenge ku Ulaya. Ndi liwu la makolo athu, limene ankatchulira kanyumba kothirirako nsembe, ndipo omasulira Malemba analitenga kuti litanthauze nyumba ya Mulungu ya ku Yerusalemu. M'boma lathu lomwe lino muli nkhalango ya Khulubvi, kumene kuli kachisi wa Mbona, malo amene wansembe Matthew Schoffeleers anawafufuza kwa zaka zambiri, ndipo mu 2011 dziko la Malawi linawaika pa mndandanda wa malo amene likupempha bungwe la UNESCO kuti liwazindikire. Ife Akhristu sitithira nsembe kumeneko, pakuti tili ndi Nkhoswe imodzi. Koma taonani chinthu ichi: kanyumba ka mitengo ndi udzu kasungika pamalopo zaka mazana angapo popanda simenti, chifukwa kakafooka mafumu ndi anthu awo amasonkhana kukamanganso, aliyense akudziwa gawo lake, ndipo nkhwangwa siloledwa m'nkhalangomo. Kodi si zochititsa manyazi kuti ife amene timati tikutumikira Mlengi wa mitengo yonse tadula ngakhale mtondo umene unkapereka mthunzi pabwalo la tchalitchi?

Njerwa za ku Blantyre, Likoma ndi Mbombwe

Tikakwera mapiri a Thyolo kapena chitunda cha Kamuzu Bridge kupita ku Blantyre, timapeza tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene chimafanana kwambiri ndi akachisi akale a ku Ulaya ngakhale kuti chinamangidwa pakati pa 1888 ndi 1891. Mbusa David Clement Scott, amene anachikonza, sanaphunzirepo za kamangidwe. Ankayamba wasanja njerwa zouma popanda matope kuti aone ngati zikugwirana, kenako n'kumanga. Njerwazo zinaumbidwa ndi dothi la pomwepo, m'zikombole zosemedwa ndi mitengo, ndipo akuti zilipo za maonekedwe 81 osiyanasiyana. Amene anaumba, kuotcha ndi kusanja njerwazo anali Aafirika, Amang'anja ndi Ayao, amene anali asanamangepo nyumba yotere. Nsanja ziwiri zapakhomo, denga lozungulira ngati mphika wovundikira, ndi makhoma okongoletsedwa ndi njerwa zokhazokha, zonsezi ndi ntchito ya manja awo. Nyumbayi inaperekedwa kwa Mulungu mu Meyi 1891, ndipo chaka chotsatira Scott anasindikiza buku lake lalikulu lomasulira mawu a Chimang'anja, chinenero cha m'chigwa chathu chino.

Zinthu ziwirizi zinachokera mumtima umodzi. Scott ankakhulupirira kuti Mwafirika ayenera kupembedza m'nyumba yaulemu ndi m'chinenero chake chenicheni, ndipo ena ku Scotland anamudzudzula kuti wachita zapamwamba mopitirira. Koma nyumbayo yaima zaka zoposa 130, ndipo boma linaiika m'gulu la zipilala zotetezedwa za dziko lino. Ku Likoma nako, tchalitchi chachikulu cha St Peter's, chimene maziko ake anaikidwa mu 1903 ndipo chinapatulidwa mu 1911, chinamangidwa pamalo otchedwa Chipyela, pamene kale ankatentherapo anthu oganiziridwa ufiti. Malo enieniwo ndi ulaliki: pamene panali kulira kwa osalakwa panaimikidwa nyumba ya chikhululukiro.

Ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, Mbusa John Chilembwe ndi mpingo wake anamanga tchalitchi chachikulu cha njerwa chimene chinatha cha mu 1913. Pambuyo pa kuukira kwa mu Januwale 1915, boma la atsamunda linachiphulitsa. Iwo anadziwa kuti nyumba imalankhula, ndipo sanafune kuti ipitirize kunena kuti munthu wakuda angathe kumanga zotere payekha. Dr Daniel Malikebu atatsegulanso mishoniyo mu 1926, mpingo unamanganso. Ngati adani a mpingo anazindikira kuti kugwetsa nyumba n'kufafaniza mbiri, bwanji ife tikuchita zomwezo ndi manja athu, kwinaku tikuimba nyimbo?

Kwathu kuno, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, amishoni a South Africa General Mission anakhazikika ku Lulwe, ndipo patapita zaka zingapo anatsegula Chididi, m'mapiri a kumadzulo kwa boma la Nsanje, limene nthawi imeneyo linkatchedwa Port Herald. Mpingo wa Africa Evangelical Church unabadwa m'ntchito imeneyi. Anasankha mapiri pothawa kutentha ndi udzudzu wa m'chigwa. Koma anthu ambiri ankakhala kumunsi, m'mbali mwa Shire ndi m'madambo, ndipo amene anatsika nawo Uthenga anali aphunzitsi ndi alaliki akuda, oyenda pansi. Pamudzi pamene afika ankamanga nyumba imodzi ya mitengo, yomata ndi dothi ndi yofolera ndi udzu. Mkati mwa sabata inali sukulu, tsiku la Mulungu inali tchalitchi. Ndi mmene zinalili m'mipingo yonse, ya Chikatolika ndi ya Chiprotestanti yomwe. Pambuyo pake kanyumba ka udzu kaja kanasanduka ka zidina, kenako ka njerwa zootcha. Timatchalitchi timeneti sitinalembedwe m'mabuku a mbiri, sititetezedwa ndi lamulo, ndipo n'timene tikugwa lero. Komatu n'timene tinabala Chikhristu cha m'chigwa chino.

Nzeru zimene zili m'khoma

Tsopano tiyeni tikambe za kutentha ndi madzi, adani awiri a nyumba iliyonse ya kuno. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Lowani m'tchalitchi chatsopano cha khoma lopyapyala, denga lamalata lotsika ndi mazenera agalasi otsekeka, nthawi ili 11 koloko m'mawa. Malata amatentha ndi kuthira kutenthako pamitu ya anthu, mpweya wotentha ulibe potulukira, ana amalira, okalamba amawodzera, ndipo mlaliki amadzudzula mpingo kuti ndi wofooka mumzimu pamene vuto lili pa denga. Amisiri akale ankamanga khoma lochindikala, limene limachedwa kutentha, kotero kuti dzuwa likamafika pachimake m'kati mukadali mozizira. Ankakweza denga, ankasiya mabowo pamwamba pa khoma kuti mpweya wotentha uzituluka, ankaika mazenera moyang'anizana kuti mphepo izidutsa, ndipo ankamanga khonde lalikulu limene limatchinga dzuwa ndi kuteteza khoma kuti mvula isalinyambite. Zonsezi sizifuna magetsi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: nyumba yonyezimira panja ikhoza kukhala ng'anjo m'kati.

Za madzi sitifunikira wotiphunzitsa. Tinaona chigumula cha mu Januwale 2015, namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana mu 2022, ndi wa Freddy mu Malichi 2023, amene anasiya anthu oposa 500,000 opanda pokhala m'chigawo cha kummwera. Nthawi zonsezi anthu ankathawira m'masukulu ndi m'matchalitchi. Choncho tchalitchi cha m'chigwa chino ndi pothawirapo pa thupi lomwe, ndipo funso lakuti chimangidwe pati ndi funso la moyo ndi imfa. Akuluakulu amene anasankha malo a tchalitchi chakale kawirikawiri ankadziwa pamene madzi amafika, pakuti madzi saiwala khwawa. Musanasunthe nyumba ya Mulungu kuti iyandikire msewu kapena msika, funsani chifukwa chimene anaiikira pachitunda. Ndipo pomanga, kwezani maziko, mangani mizere yapansi ndi simenti kapena miyala, chifukwa njerwa zomangidwa ndi matope zikakhala m'madzi masiku awiri khoma limasungunuka kuyambira pansi.

Palinso nkhani ya nkhuni. Uvuni uliwonse umadya mitengo yambiri, ndipo mapiri akakhala ometa, mitsinje imadzaza mchenga ndi kusefukira msanga. Mu 2018 boma linakhazikitsa malamulo oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi zikuluzikulu. Mpingo umene ukugwetsa khoma lolimba kuti uotche njerwa zina masauzande ukudula mitengo kawiri chifukwa cha nyumba imodzi, kenako n'kudzasonkhana kupempherera kuti madzi asabwere.

Zimene ena anganene

Wina adzati: Abusa, mpingo wakula, anthu akukhala panja, kodi tisiye anthu padzuwa chifukwa cha njerwa zakale? Ayi ndithu. Koma njira zilipo zambiri kuposa kugwetsa. Mungathe kuboola khoma ndi kuonjezera mapiko awiri m'mbali, monga ankachitira a ku Ulaya aja, ndipo nyumba idzatenga maonekedwe a mtanda. Mungathe kumanga chatsopano pambali, chakale n'kukhala cha Sande Sukulu, cha kalasi ya ubatizo, cha misonkhano ya amayi kapena sukulu ya mkombaphala. Mipingo yambiri imene inagwetsa tchalitchi chakale lero ikusonkhanso ndalama zomangira holo ya ana.

Wina adzati: Kodi Stefano sanaphedwe chifukwa chonena kuti Wam'mwambamwamba sangatsekeredwe m'nyumba yomangidwa ndi anthu? Kodi Ambuye sanauze mayi wa ku Samariya kuti kupembedza koona sikudalira phiri kapena mzinda? Zoonadi, ndipo Petro akutiphunzitsa kuti ife okhulupirira ndife miyala ya nyumba yeniyeni ya Mulungu. Koma taonani kuti mfundo imeneyi imadula mbali zonse. Ngati Mulungu sakhala m'nyumba yakale chifukwa cha ukale wake, sakhalanso m'nyumba yatsopano chifukwa cha matailosi ake. Kawirikawiri chimene chimatikankha kugwetsa ndi mpikisano: mpingo wa patsidya wamanga chachikulu, nafenso tisaoneke otsalira. Akazi amasiye amakakamizidwa kusonkha ndalama zimene alibe, maina a osapereka amawerengedwa pagulu, ndipo nyumba imaima zaka khumi yopanda denga. Kumeneko ndiye kupembedza nyumba.

Winanso adzati: Tsabola wakale sawawa, zimenezo ndi za azungu, zinapita ndi atsamunda. Yankho lake ndi lakuti mzungu mwina anagwira chingwe choyezera, koma amene anaponda matope, kusenza madzi kuchokera kumtsinje ndi kugona pauvuni usiku wonse anali agogo anu ndi anga. M'midzi yambiri mzungu sanafikeko n'komwe. Kugwetsa nyumba yotere ndi kutaya cholowa chathu chomwe.

Pali nthawi zina pamene nyumba siingapulumutsidwe. Khoma likang'ambika kuchokera pamaziko, kapena mudzi wonse ukasamutsidwira kumtunda chifukwa cha madzi, monga zachitikira m'madera ena a kuno, moyo wa anthu ndiwo uyenera kutsogola. Koma ngakhale pamenepo, chitani monga Yoswa. Nyamulani belu, ngakhale litakhala chitsulo cha njanji kapena limu ya galimoto yopachikidwa pamtengo. Nyamulani gome, chikho cha Mgonero ndi njerwa khumi ndi ziwiri, muzimangire m'khoma latsopano pamalo oonekera, kuti ana adzafunse.

Zoyenera kuchita chaka chino

Choyamba, bwalo la akulu a mpingo lisankhe achinyamata awiri kapena atatu kuti akakhale pansi ndi okalamba ndi kulemba mbiri ya tchalitchi chawo: anapereka malo ndani, mmisiri anali yani, mlaliki woyamba anachokera kuti, denga la udzu linachoka liti. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambo limenelo likuphwa maliro aliwonse.

Chachiwiri, mabuku a ubatizo, ukwati ndi maliro asungidwe m'bokosi lachitsulo, pamalo okwera pamene madzi ndi chiswe sizifika, ndipo tsamba lililonse lijambulidwe ndi foni, zithunzizo zitumizidwe kulikulu la mpingo. Mabuku akale kwambiri angathe kukasungidwa kunyumba yosungira zolembedwa zakale za dziko lino ku Zomba. Kumbukirani kuti m'masiku a mfumu Yosiya buku la chilamulo linapezeka pamene amisiri ankakonza kachisi, monga tikuwerenga pa 2 Mafumu 22, ndipo chitsitsimutso chinayambira pamenepo. Ndani akudziwa chimene chili m'kabati ya m'chipinda cha abusa chimene sichinatsegulidwe zaka makumi awiri?

Chachitatu, pakhale thumba la zokonzakonza, losiyana ndi la chitukuko. Mfumu Yoasi, pa 2 Mafumu 12, ataona kuti ming'alu ya m'kachisi sikukonzedwa, anavomereza kuti paikidwe bokosi loboola pachivundikiro, ndipo ndalamazo zinkaperekedwa mwachindunji kwa amisiri. Nyumba sigwa tsiku limodzi. Imayamba ndi lata limodzi lodontha, mtanda umodzi wodyedwa ndi chiswe, ngalande imodzi yotsekeka. Mwezi wa Okutobala uliwonse, mvula isanagwe, madikoni akwere padenga. Ndipo pokonza khoma la njerwa zofewa gwiritsani ntchito laimu ndi mchenga, chifukwa pulasitala wa simenti yolimba amatsekera chinyezi m'kati ndipo njerwa zimafumbwa mobisika.

Chachinayi, bzalani mitengo kuzungulira bwalo la tchalitchi, ndipo banja lililonse likhale ndi mtengo wake woutsirira. Mutu umodzi susenza denga. Ifenso amene timaphunzitsa abusa m'masukulu a zaumulungu tiyenera kuika nkhani zimenezi m'maphunziro, pakuti mbusa wachinyamata akafika pampingo amafunsidwa za maziko ndi malata asanafunsidwe za Chigiriki.

M'buku la Ezara mutu 3, pamene maziko a kachisi wachiwiri ankaikidwa, achinyamata anafuula ndi chimwemwe koma okalamba amene anaona kachisi woyamba analira, ndipo mawu awiriwo anasakanikirana kotero kuti wakutali sakanatha kuwasiyanitsa. Mulungu analandira onse awiri. Mpingo wathanzi umafuna chimwemwe cha omanga ndi misozi ya okumbukira. Komiti ya zomangamanga imene mulibe nkhalamba ngakhale imodzi ikumva mbali imodzi yokha ya nyimbo.

Inu makolo, Lamulungu likudzali, mapemphero akatha musathamangire kunyumba. Gwirani mwana wanu padzanja, muzungulire naye nyumba imene mumapempheramo. Muonetseni njerwa imene ili ndi chidindo cha chala cha woumba, manda a mlaliki woyamba, mzere umene madzi anasiya pakhoma. Akafunsa funso limene simungathe kuyankha, pitani naye limodzi kwa agogo amene akudziwa, akadali ndi moyo.

Tipemphere: Atate wathu wakumwamba, tikuyamikani chifukwa cha anthu osatchuka amene anasenza madzi ndi kuumba njerwa kuti ife tipeze pomvera Mawu anu. Tipatseni nzeru pomanga, kudzichepetsa posunga, ndi kukhulupirika pofotokozera ana athu ntchito zanu. M'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.